Ndinayankha M'malo mwa Tiyezge

Yewo chomene, atcheya, pondipatsa mpata. Ndiyankhula Chichewa chifukwa ndikuona muno muli apolisi ndi anamwino amene anabwera kuno ku Mzimba ndi ntchito. Pamene lilime lindithawire ku Chitumbuka, mundikhululukire. Ndine Thole, mphunzitsi wa sekondale kuno ku boma, kwathu ndi ku Edingeni. Mkazi wanga Tiyezge anamwalira ndi khansa ya m'bere, nandisiyira mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Wezi. Ena mwa inu munandionapo ndili gone m'ngalande kuseri kwa msika, ndiye za mowa sindingakubisireni. Koma mowa unabwera pambuyo. Chimene chinayamba kundidya ndi nsanje, ndipo chimene ndinatsala pang'ono kutaya ndi mwana wanga.

Wezi akadali woyamwa ndinatenga inshuwalansi ya moyo, yanga ndi ya mayi wake. Ndalama ankadula pa malipiro mwezi ndi mwezi, osaphonya. Ndinkadziona ngati bambo woona patali. Tiyezge anamwalira pangano lija lisanakwanitse zaka ziwiri.

Maliro atatha ndinapereka mapepala onse amene a kampani ya inshuwalansi ankafuna, ndipo ndinadikira. Kenako anandiitanira ku ofesi yawo ku Mzuzu. Mayi amene anandilandira anali waulemu, anandipepesa maliro, anandipatsa ndi madzi akumwa. Anandifotokozera kuti munthu akamwalira pangano likadali laling'ono chonchi, kampani imakafufuza ku chipatala, monga zinalembedwera m'panganomo. Anapeza kuti Tiyezge anapitako ku chipatala ndi chotupa m'bere tisanasaine, ndipo anauzidwa kuti akapimitse ku chipatala chachikulu. Koma pa fomu, pa funso la zotupa ndi pa funso la kuonana ndi dokotala, panalembedwa kuti ayi, ndipo m'munsi anasaina ndi iye mwini. Mayi aja anati kampani ikanadziwa za chotupacho sikanalola panganolo momwe inalilolera, choncho lamulo likuilola kulithetsa ngati kuti silinakhalepo. Zimene anadula za Tiyezge andibwezera, koma china palibe.

Ndinawauza kuti ine sindinkadziwa. Anati akundikhulupirira, koma funsolo silinali langa.

Ndinakwera minibasi kubwerera kuno. Ine ndimaphunzitsa bayoloje. Ndimajambula thupi la munthu pa bolodi, ana n'kumakopera. Koma za thupi la mkazi wanga ndinazimva mochedwa, ndipo za ulendo wake woyamba wa ku chipatala ndinazimva kwa mlendo mu ofesi. Nthawi imene tinkasaina, Tiyezge ankakhala kwa makolo anga ku Edingeni, kulima, ine ndili m'kachipinda ka lendi kuno ku boma. Ndinkapita kumapeto kwa mwezi ndi pa tchuthi. Nditafunsa mkulu wake, mlamu wanga wa ku Manyamula, anavomera kuti iye ankadziwa, ndipo ndi iye anamuperekeza ku chipatalako. Nsanje yoyamba inali imeneyo. Mkazi wanga anali ndi mawu amene anapatsa wina, ine osandipatsa.

Yachiwiri inali yoipa kwambiri. Pa sukulu pathu pali a Chipeta, aphunzitsi a masamu, tebulo lawo loyandikana ndi langa. Tinatenga inshuwalansi kwa ejenti mmodzi, nyengo imodzi. Akazi awo anamwalira pa ngozi ya minibasi pa msewu wa ku Jenda, nthawi imene Tiyezge anali akudwala. Iwo kampani inawalipira bwinobwino. Anagula puloti, anamangira ana awo nyumba ya malata abuluu, denga loonekera uli pa msewu. Njira yanga yopita ku sukulu inkadutsa pomwepo, m'mawa ndi madzulo.

Ndinena mawu awa momwe alili. Ndinkasirira imfa ya mkazi wa mnzanga. Mumtima ndinkati wake anafa bwino, imfa yachangu, yopanda mafunso. Wanga anafa pang'onopang'ono, ndinamusambitsa ndi manja angawa, ndipo mapeto ake anamutcha wabodza. Kampani sinatchule mawu amenewo. Ndine ndinkawamva ndikaona denga lija.

A Chipeta sanandilakwire kanthu. Ankandithirira tiyi, ndikachedwa ankandigwirira kalasi, anagulira Wezi nsapato pamene ankagulira ana awo. Ubwino wawo ndi umene unkanditentha. Tsiku lina tikumwa ku bala, munthu wina anayamikira nyumba ija. Ine ndinangoti imfa zina zimabwera ndi malata, ndipo munthu azidzifunsa kuti minibasi yodzaza thothotho yapha munthu mmodzi yekha bwanji. Sindinawonjezere kanthu. Mukudziwa mmene mawu otere amayendera kuno. Posakhalitsa kumsika kunali manong'onong'o oti a Chipeta anakhwimira akazi awo, ndipo ana awo ankalozedwa zala ku sukulu. Ndinamva zonsezo, abale anga, ndipo ndinagona tulo tabwino.

Zotsatira ndizithamangira chifukwa mukuzidziwa, ena mwa inu kuposa ine. Ndalama zobwezedwa zija zinathera m'mabotolo. Mabotolo atandidulira ndinatsikira ku kachasu. Ndinayamba kulowa m'kalasi ndikununkha, kenako osalowa n'komwe. Ahedi anandichenjeza pakamwa, anandichenjezanso, mapeto ake ndinaimitsidwa ntchito. Malipiro atasokonekera, zodula za inshuwalansi yanga zinaima. A kampani anandikumbutsa pa foni, nthawi imene amapatsa munthu wochedwa kulipira inatha, pangano langa nalo linafa. Sindinasamale. Wezi ndinkamusiya kwa aneba m'mawa n'kukamutenga ndikakumbukira. Tsiku lina sindinakumbukire. Aneba anaimbira mlamu wanga, ndipo pomwe ndinkadzuka mawa lake, dzuwa lili pamutu, mwana anali atanyamuka kupita ku Manyamula.

Kwathu mwana ndi wa kwa bambo ngati malowolo anaperekedwa, ndipo anga anaperekedwa onse. Adada anandiitanitsa ku Edingeni. Anati mwana wa kwa Thole sakulira kwa eni mkazi ngati kuti ife tinatha, ndipite ndikamutenge, akakhale ndi amama kumudzi. Ndinazengereza nthawi yaitali. Nditapita, ndinapita nditamwa pang'ono kuti ndilimbe mtima, mawu a mwambo ndi a malamulo ndili nawo okonzeka m'kamwa.

Inali nyengo yokolola. Ndinatsika pa kabaza n'kupeza mlamu wanga ali pa mphasa akuswa mtedza. Amuna awo, a Zgambo, amene ali ndi kagolosale pa tawuni ya Manyamula, ankapopa njinga pansi pa mtengo wa mango. Wezi anali atatalika, tsitsi loluka bwino, atavala diresi imene ine sindinagule. Anandiona, anaima, kenako anathamangira kwa a Zgambo n'kuwagwira mwendo.

"Adada, kwabwera alendo."

Mwana sanalakwe. Mwamuna wa amayi aakulu ndi adada ndithu, ndipo ine ndikudziwa zimenezo. A Zgambo anawerama n'kumuuza kuti awa ndiye adada ako eni ake, pita ukawalonjere. Anabwera, anagwada, anandipatsa dzanja maso ali pansi, nabwerera ku mwendo uja. Denga la a Chipeta silinandipwetekepo chonchi.

Anandipatsa mpando. Ndinayamba ndi nkhani ya malowolo. Mlamu sanasiye kuswa mtedza. Anati ng'ombe zinafika, palibe akukana, ndipo mwana akhoza kupita lero lomwe ndikangomuuza kuti akagona pati, akadya chiyani, ndipo ndikaiwalanso akamutola ndani. Ndinatembenuza nkhani. Ndinati zonsezi zinayamba chifukwa iye ndi mng'ono wake anandibisira. Ndinati akanayankhula, bwenzi Wezi ali m'nyumba yake ya malata ngati ana a anthu ena.

Apo anasiya mtedza, anapukuta manja pa chitenje.

"Alamu, tsiku limene munthu wa inshuwalansi anabwera ku Edingeni, Tiyezge anakhala pati?"

Ndinati sindikukumbuka. Ndinkakumbuka.

Inali nthawi ya tchuthi. Ejenti anabwera pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Mlendo akafika pakhomo pa adada amalandiridwa ndi adada, ndiye tinakhala pa khonde lawo, iwo pa mpando wawo, ejenti, ndi ine. Tiyezge anabweretsa chindongwa, thobwa la kwathu, anachiika chapatali, nakakhala pansi kuseri kwa chitseko, Wezi ali kumsana. Inu a ku chigawo chapakati mwina simudziwa. Kwathu mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, sayandikira apongozi ake aamuna, sawayang'ana kumaso, ndipo mawu ake pamaso pawo amakhala ochepa kwambiri. Ndi ulemu, ndipo Tiyezge ankatamandidwa nawo mudzi wonse.

Ejenti anawerenga mafunso anga, ndinayankha. Atafika pa mafunso a Tiyezge anakweza mawu kulunjika kuchitseko kuja. Anafunsa ngati amayi anadwalapo shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Kuchitseko kunali zii. Adada anatsokomola n'kuyang'ana ku khola. Ine, munthu wa ku koleji, pofuna kupulumutsa aliyense ku manyazi, ndinayankha kuti yayi. Chotupa pena paliponse m'thupi? Yayi. Kuonana ndi dokotala posachedwapa? Ndinati sikelo ya mwana basi.

"Wali makora chomene," ndinatero, kutanthauza kuti ali bwino kwambiri.

Ejenti anati zikuoneka, nanga chimanga chonsechi walima ndani, tonse tinaseka. Ndinanyamula fomu ija ndekha kupita nayo kuchitseko, ndinamulozera ndi chala posaina. Anandiyang'ana kaye. Ndinaganiza kuti akuopa cholembera.

"Munkafuna atchule bere pamaso pa apongozi ake?" mlamu anandifunsa.

Anandiuza kuti Tiyezge anamuimbira madzulo omwewo. Chotupacho iye ankachitenga ngati mkaka wouma, poti ankayamwitsa, ndipo ulendo wa ku chipatala chachikulu ankauzengereza chifukwa cha ntchito ya kumunda. Sankafuna kundidetsa nkhawa ndi kanthu kamene ankati katha kokha. Koma zosainira mawu amene sanali oona zinamuvuta. Mlamu anamulangiza kuti andiuze. Ndipo anayesa. Tikumanga katundu wanga wobwerera ku boma, anandifunsa ngati munthu uja angabwerenso, poti pali funso limene akufuna alimvenso bwino. Ndinamuuza kuti asadzivutitse ndi za mapepala, imeneyo ndi mbali yanga. Anati yewo.

Anati yewo, mbwenu. Zikomo, basi.

Wezi ankathandiza a Zgambo kugwira pampu. Mlamu sanandinyoze, anangobwerera ku mtedza wake. Anati mwana sakundikaniza, ndi wanga, ndipo nayenso ali ndi ana ake omukwana. Koma mwana wa Tiyezge ndi wofatsa ngati mayi wake, akamva kuwawa sanena, ndiye akufunika munthu amene amadikira yankho. Anati ndikasiya mowa, ndikabwerera ku ntchito, ndibwere ndidzamutenge, ndipo adzandimangira yekha katundu. A Zgambo anandiperekeza mpaka pa siteji n'kundipezera kabaza. Ndinadana nawo njira yonse, chifukwa nawonso anali munthu wabwino.

Kwa adada ndinakanena kuti mwana akhala kaye komweko. Sanakondwe. Kanali koyamba kuwakanira chinthu m'moyo wanga.

Mwina mukuganiza kuti choyamba chinali kusiya mowa. Ayi. Choyamba chinali kulowa pansi pa denga labuluu lija. Ndinapita Loweruka masana, ndinapeza a Chipeta akuchapa mayunifomu a ana awo. Ndinawauza kuti mawu a kukhwima aja anachokera kwa ine. Anati anadziwa kalekale, Mzimba ndi waung'ono. Anafinya malaya, anawayanika, kenako anayankhula osandiyang'ana.

"A Thole, inu munapatsidwa miyezi. Munamusambitsa, munamva mawu ake omaliza. Ine anandiitana kuti ndikazindikire chitenje. Ndinkakuonani mukupita ku chipatala ndi fulasiki, mtima n'kumandiwawa kuti bwanji ine sindinapatsidwe ngakhale tsiku limodzi lonyamula fulasiki."

Ine ndinkawerenga malata awo, iwo ankawerenga miyezi yanga. Tinaima pamenepo anthu awiri aakulu, pakati pathu pali beseni.

Sanandikhululukire tsiku limenelo, ndipo sindinapemphe. Anati ndikabweze mawu anga komwe ndinawasiya. Ndinapita ku bala komwe kuja, ndisanamwe, ndinanena pamaso pa onse kuti ndinanama chifukwa cha kaduka. Ndinakanenanso kumsika ndi kwa aphunzitsi anzanga. Koma bodza linayenda pa njinga yamoto, kubweza kwanga kukuyendabe wapansi. Alipo mpaka lero amene amawayang'ana a Chipeta cham'mbali. Chimenecho sindingachikonze chonse, ndimakhala nacho.

Kenako ndinabwera kuno ku gulu lathu la osiya mowa. Masabata oyamba manja ankanjenjemera moti kapu ndinkaigwira ndi manja awiri, ndipo ndinapita ku chipatala kukapempha thandizo, osachita manyazi. Kuseri kwa msika ndinasiya kudutsako. Njira ya kwa a Chipeta yokha sindinaisinthe, ndinaona kuti ndiyenera kuphunzira kuona denga lija n'kupitirira. Loweruka lililonse ndinkapita ku Manyamula. Sindinkatchula za malowolo. Ndinkangokhala pa mphasa, kuswa nawo mtedza, kutonola chimanga. Wezi ankakhala kutali, kenako pafupi pang'ono, kenako tsiku lina anandibweretsera chidole chake chothyoka mkono kuti ndichikonze, ngakhale a Zgambo anali pomwepo. Ndikuvomera kuti ndinawayang'ana kuti ndione ngati aona. Nkhani yanga ya ku ntchito itamvedwa, anandibwezera pa ntchito ndi chenjezo lomaliza.

Za inshuwalansi ndinene pang'ono, poti ndamva ena muno akuti makampani amenewa ndi akuba basi. Inenso ndinkatero. Ndinakadandaula ku ofesi ya boma imene imayang'anira makampaniwa. Ufulu umenewo ulipo, muugwiritse ntchito, makamaka ngati ejenti sanakufunseni mafunso n'komwe kapena analemba zimene inu simunanene. Koma kwa ife mafunso anafunsidwa mokweza, pa khonde, anthu akumva. Anagamula kuti kampani sinalakwe. Kampani sithetsa pangano chifukwa munthu wadwala atasaina kale, ayi, pakuti ndicho chimene timalipirira. Imathetsa ngati posaina panabisika chinthu chimene chikanasintha ganizo lake, kapena ngati wasiya kulipira mpaka nthawi yodikira yatha. Maenje onse awiri ine ndinagwamo. A Chipeta anawalipira chifukwa pa pangano lawo panalibe chobisika, osati chifukwa ankadziwana ndi munthu, monga ndinkanenera.

Ndiye inu amuna anzanga amene akazi anu ali moyo, ejenti akabwera musamukhazike pa khonde la adada anu. Ulemu wa kwathu ndi wabwino, sindikuunyoza, koma mafunso a thupi la mkazi sayankhika pamenepo. Apite kwina, akhale awiri, kapena pemphani ejenti wamkazi. Inu tulukani. Akakumbukira kanthu pambuyo pake, auzeni a kampani akonze pamene munthuyo ali moyo. Mwina adzakweza zodula, mwina adzati akapimitse kaye. Ndipo akanati Tiyezge akapimitse kaye, bwenzi atapita ku chipatala chachikulu nthawi ikadalipo. Pamenepo sindipitirira.

Ine ndinatenganso pangano latsopano, chifukwa cha Wezi. Pa funso la mowa ndinanena zonse, mpaka za kachasu. Ananditumiza kukapimitsa chiwindi, ndipo amandidula zambiri kuposa a Chipeta. Ndikaona pepala la malipiro nsanje imadzukako pang'ono. Sinafe. Ndimangoidziwa nkhope tsopano.

Wezi anabwera kumayambiriro kwa chaka cha sukulu chino. Mlamu anamanga yekha katundu monga ananenera, ndipo a Zgambo anatembenukira kumbali pamene tinkakwera. Mwanayo ali ndi adada awiri, a ku Manyamula ndi a ku boma. Ndinkafuna ndikhale adada basi, opanda dzina la malo. Ndasiya kuzifuna mokweza.

Tchuthi chapitachi ndinapita naye ku Edingeni. M'njira anali chete, nthochi imene ndinamugulira anangoigwira. Titafika tinakhala pa khonde lomwe lija, adada pa mpando wawo womwe uja. Anamuitana mdzukulu wawo n'kumufunsa kuti ali bwanji. Wezi anayang'ana pansi. Ndinamva pakamwa panga patseguka, mawu omwe aja ali pa lilime, wali makora. Ndinatseka.

Panali zii nthawi yaitali. Adada anatsokomola n'kuyang'ana ku khola. Ine ndinagwira mawondo anga.

"Khutu likundipweteka, agogo," anatero. "Linayamba tisanatsekere sukulu."

Ine anali asanandiuze. Nsanje inandigwira kuti wauza agogo ake poyamba. Ndinaimeza, ndinabwereka njinga, ndinapita naye ku chipatala. Adokotala atafunsa kuti chavuta n'chiyani anayang'ana ine. Ndinawalozera mwana, ndinakhala pa benchi, Wezi n'kumalongosola yekha.

Ali panjapo akusewera ndi ana a a Chipeta, akundidikira. Yewo.